Plasma cutter ikungodya ma tipi ndi kudula mokhota: musanaitaye n'kukagula yokwera mtengo, yang'anani izi kaye

Dandaulo lake ndi limodzimodzi kwa pafupifupi aliyense amene wagula plasma cutter yake yoyamba, makina aja odulira chitsulo ndi moto wamagetsi ndi mpweya wa mu kompresa. Masiku oyamba imadula bho, chitsulo kumangogawanika, munthu mpaka kujambula kavidiyo kutumizira anzake. Pakangotha sabata ziwiri zitatu yayamba kulavula, moto ukuzima pakati pa ntchito, tipi (kansonga kotulukira moto) ikupsa musanamalize olo mita imodzi, mzere ukutuluka wopendekeka, pansi pa chitsulo pamatirira zinthu zoti mukhalenso ndi gilayinda theka la tsiku. Nde munthu amangoti basi ndinagula zachinyengo, ndikanadziwa ndikanasunga ndalama ndigule ya kampani yotchuka ya Hypertherm.

Ine ndimati dikirani kaye akulu. Makina okwera mtengo ali ndi ubwino wake weniweni ndipo ndiufotokoza, koma mavuto ambiri amene anthu amanamizira makina otchipa amachokera ku mpweya, ku magetsi ndi ku waya wa earth, ndipo zitatu zimenezi mukapanda kuzikonza zidzakutsatirani olo mutagula makina a ndalama zogulira galimoto.

Tiyambe ndi mmene chinthuchi chimagwirira ntchito chifukwa mukamvetsa apa zina zonse zimveka zokha. Mkati mwa tochi, chija mumagwira m'manja podula, muli elekitirodi ya kopa, pakati pa nsonga yake anaikapo kachitsulo kakang'ono kotchedwa hafnium, ndipo moto wamagetsi umachokera pamenepo. Mpweya wa mu kompresa umabwera, umazunguliridwa ndi kamphete kaja amati swirl ring, kenako umapanikizidwa kudutsa pa kabowo ka tipi, kabowo kake ka milimita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Mpweya ukakumana ndi motowo umatentha kupitirira madigiri 20,000, umasungunula chitsulo n'kuchiuluzira pansi. Mpweya womwewo ndi umenenso umaziziritsa tochi. Nde onani, mpweya ukugwira ntchito zitatu: ndiwo moto, ndiwo ukukankha chitsulo chosungunuka, ndiwonso ukuteteza tipi kuti isapse. Ukangovuta pang'ono zonse zitatu zavuta.

Madzi mu mpweya

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikhalitsapo. Kompresa iliyonse imapanga madzi, zilibe kanthu kuti ndi yatsopano. Ikamapanikiza mpweya umatentha, ukamazizira mu thanki chinyezi chimasanduka madontho, madonthowo amatsata payipi mpaka ku tochi. Nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka cha mu Malichi, kapena ngati mumakhala cha kunyanja ngati ku Salima, Nkhotakota kapena Mangochi, madzi ake amachuluka moti mukatsegula kavalavu ka pansi pa thanki mudabwa, amatuluka ofiira ndi dzimbiri. Ambiri sadziwa n'komwe kuti pansi pa thanki pali kavalavu.

Zizindikiro zake: moto umalira mophulikaphulika m'malo molira mosalala, nthawi zina umaoneka wobiriwirako, mukamasula tipi mkati mwake mwada bii ndi timizere takuda tozungulira, elekitirodi yakumbika msanga. Kuyesa kwake sikufuna ndalama. Chotsani payipi kumbuyo kwa makina, muuzire mpweya pa pepala loyera kapena pa kalilole kwa kamphindi. Pakaoneka kunyowa kapena kadontho ka mafuta, vuto mwalipeza, musavutikenso kutukwana makina.

Kukonza kwake, choyamba muzikhetsa thanki tsiku lililonse mukamayamba ndi mukamaweruka. Chachiwiri, kafyuluta kamene kamabwera kumbuyo kwa makina otchipa musakadalire, kamagwira madontho akuluakulu okha. Gulani chotchera madzi china, koma pomwe mwachiika ndi pofunika kuposa mtengo wake: mukachimangirira pa kompresa penipeni sichigwira kanthu chifukwa mpweya ukadali wotentha, madzi akadali nthunzi, amangodutsa n'kukasanduka madontho kutsogolo. Siyani payipi yaitali, mamita angapo, bola ya chitsulo kapena ya kopa kuti mpweya uzizire, kenako chotchera madzi chikhale pafupi ndi makina. Amene ali ndi kangachepe amaonjezera fyuluta ya timikanda toyamwa chinyezi tija timasintha mtundu tikakhuta. Ndipo payipi imene munaigwiritsapo ntchito ndi kabotolo kothira oyilo ka zida zina za mpweya isayandikire plasma, mafuta ndi oipa kuposa madzi.

Tsono nayi mfundo imene ogulitsa sakuuzani. Mpweya wonyowa umaononga tipi ya Hypertherm chimodzimodzi ngati ya makina otchipa aja olembedwa CUT-50, kusiyana kwake n'koti ya Hypertherm mukaiotcha mumamva kuwawa m'thumba.

Kompresa yaing'ono

Ili ndi vuto lachiwiri ndipo limanamiza anthu chifukwa geji imaonetsa kuti zonse zili bwino. Mwatchuna pa 5 bar makina ali chete, mwasangalala. Koma mphamvu yofunika ndi ya pamene mpweya ukutuluka. Dinani batani la tochi kapena la kuyesa mpweya ngati makina anu ali nalo, muyang'ane geji nthawi imeneyo. Ikagwa kufika pa 3 bar ndiye kuti mukudula ndi 3 bar, osati 5. Makina ang'onoang'ono ambiri amafuna pakati pa 4 ndi 5.5 bar mpweya ukuyenda, koma onani buku lanu poti matochi amasiyana.

Kenako kuchuluka kwa mpweya. Powermax30 XP, amene ndi makina aang'ono a Hypertherm, amafuna malita pafupifupi 113 pa mphindi pa 5.5 bar. Mkulu wake Powermax45 XP amafuna kupitirira malita 180 pa mphindi. Tikompresa ta malita 24 tija timalembedwa manambala akuluakulu pa bokosi, koma nambala imeneyo nthawi zambiri ndi mpweya umene pisitoni ikukoka, osati umene ukufika kwa inu, wofikawo umachepa kwambiri. Chizindikiro chake ndi chosavuta: masentimita oyamba akuduka bwino, kenako kompresa yalira, ikulira osapuma, mzere wayamba kuipa, moto wazima. Mukadikira kuti thanki idzaze zikuyendanso. Amenewo si makina, ndi kompresa. Kwa ntchito ya pakhomo thanki ya malita 50 ndiye poyambira, ya 100 ya lamba ndi yabwino zedi komanso mpweya wake sutentha kwambiri. Payipi yopyapyala yopota ija ya kupopera matayala nayonso imatsamwitsa mpweya, ikani yonenepa.

Mpweya wopitirira muyeso nawo ndi vuto eti, ena amaganiza kuti akakweza mpaka 7 bar idula mwamphamvu, koma moto umangokana kuyaka kapena elekitirodi kutha msanga.

Magetsi ndi earth

Pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fyuzi ya ma amp 13, pa 230 volts ndiye kuti pafupifupi 3 kW basi. Makina amene akutulutsadi ma amp 45 kapena 50 pa tochi amakoka kupitirira pamenepo, cha m'ma amp 25 kupita m'mwamba kuchokera kukhoma. Nde mukaona fyuzi ikupsa, buleka ikugwa kapena pulagi ikufunda, yankho si kumanga waya m'malo mwa fyuzi ayi, chonde, nyumba zimapsa choncho. Itanani wa zamagetsi akuikireni soketi ya buluu ya ma amp 32 yokhala ndi buleka yakeyake. Kompresa ikhale pa mzere wina chifukwa ikamadzuka imakoka magetsi ambiri ndipo moto wa plasma umagwa nthawi yomweyo. Ekisitenshoni yaitali yopyapyala, makamaka yosiyidwa chikulungire pa chiwilo chake, imadya mphamvu musanayambe n'komwe.

Za jenereta, poti magetsi athu mukuwadziwa. Kajenereta ka 2.5 kVA koonera mpira sikangathe, ndipo magetsi ojejemera amapha bolodi ya makina a inverter, makamaka otchipa amene alibe chitetezo chokwanira. Makina a ma amp 45 kuti atulutse mphamvu zonse amafuna jenereta ya cha m'ma 10 kW, kompresa isanawerengedwe.

Earth ndiye yachidule. Kalani pamene mukupanira mpaka chitsulo chiwale, panani pa chitsulo chimene mukudulacho osati pa mwendo wa tebulo wadzimbiri, komanso osati ku mbali imene igwe pansi mukamaliza kudula. Chopanira chimene chimabwera ndi makina otchipa chimakhala cha lata wopyapyala, waya wakenso nthawi zina ndi aluminiyamu wokutidwa kopa. Kusintha ziwirizi ndi ndalama yochepa koma makina amasintha khalidwe.

Tipi, elekitirodi ndi dzanja lanu

Masulani tochi makina atazima, muyang'ane. Kabowo ka tipi kayenera kukhala kozungulira bwinobwino, kakakhala ngati dzira kapena kakang'ambika m'mbali moto umatuluka chammbali ndipo mzere upendekeka olo dzanja lanu likhale lowongoka bwanji. Elekitirodi ikakumbika pakati kupitirira milimita imodzi yatsala pang'ono, musaidikire kuti ithe yonse chifukwa hafnium ikatha kopa amasungunuka n'kuononga tipi, nthawi zina tochi yonse. Sinthani ziwirizi pamodzi. Swirl ring ionetsetseni kuti sinasweke ndipo simunaitembenuze. Komanso tipi iliyonse ili ndi ma amp ake, ya ma amp 30 mukaipatsa 50 ipsa basi.

Apa pali kachinsinsi ka makina ambiri olembedwa CUT-50: amabwera ndi tochi ya PT-31, imene mphamvu yake ndi ya ma amp 30 mpaka 40. Nde munthu wapotokola mpaka pa 50, tochi ikutentha, ma tipi akungosungunuka. Tsitsani pa 35 kapena 40 muone mmene akhalitsire. Amene amabwera ndi AG-60 kapena P-80 amapirirako.

Kuboola pakati pa chitsulo ndi kumene kumapha ma tipi ambiri. Mukaimika tochi chilili n'kudina, chitsulo chosungunuka chilibe kolowera, chimabwerera m'mwamba n'kumata pa tipi. Pendeketsani tochi kuti zothetheka ziulukire kutali ndi inu, kenako muziimika pang'onopang'ono bowo likamatseguka. Ngati n'kotheka yambirani m'mphepete, kapena boolani kaye ndi dirilo. Makina amaboola pafupifupi theka la unene umene amadula. Mukamaliza mzere musathamangire kuzimitsa swichi, mpweya umene umapitiriza kutuluka uja ukuziziritsa tochi, usiyeni uleke wokha.

Zomatirira pansi pa mzere zimakuuzani liwiro lanu. Zikakhala zonenepa, zathovuthovu, zochoka mosavuta ngati nkhoko za mumphika mukazigogoda ndi tchizulo, mukuyenda pang'onopang'ono kwambiri. Zikakhala kamzere kopyapyala kolimba kofuna gilayinda, mukuthamanga kapena tochi ili patali. Zothetheka zizitulukira pansi zitatsalira m'mbuyo pang'ono, zikayamba kubwerera kumaso kwanu ndiye kuti simukuboola. Mpata wa tipi ndi chitsulo ukhale milimita 1.5 mpaka 3 pokhapokha tochi yanu ili ndi chishango chololeza kukhwekhwereza. Chinanso chimene ambiri sadziwa, chifukwa mpweya umazungulira, mbali imodzi ya mzere imatuluka yowongoka kuposa inzake, pa matochi ambiri ndi mbali ya kumanja kwa kumene tochi ikulowera. Nde chidutswa chimene mukuchifuna chikhale mbali imeneyo.

Nanga makina okwera mtengowo ndalama zake zimapita kuti

Mukakonza zonsezi ndiye mwafika poyerekeza mwachilungamo. Mayina akuluakulu ndi Hypertherm ya ku New Hampshire ku America, imene inayamba mu 1968 ndipo plasma ndiye ntchito yake yeniyeni, kenako Miller ndi makina ake a Spectrum, Lincoln Electric ndi Tomahawk, komanso Cutmaster ya Thermal Dynamics imene pano ili pansi pa ESAB. Kumbali yotchipa kuli mayina ambirimbiri, ambiri opangidwa ku China, ena abwino ndithu okhala ndi kampani yoti mungaifunse, ena ongomata dzina pa bokosi lomwelo.

Choyamba chimene mumagula ndi manambala oona. Powermax45 XP amalemba kuti imadula bwino milimita 16 ndipo imatha kung'amba mpaka 29, ndipo imachitadi. Powermax30 XP ndi ya ma amp 30 okha koma imadula milimita 10 mwaukhondo, zimene makina ena olembedwa 50 amalimbana nazo, chifukwa mphamvu yodulira si ma amp okha, ndi ma amp kuchulukitsa ndi ma volts a pa moto, komanso kapangidwe ka tochi. Pa makina otchipa nambala ya pa bokosi nthawi zambiri ndi yong'amba, yoti chitsulo chaduka inde koma m'mphepete mwake simungaonetse munthu. Ine ndimati muziidula pakati nambalayo, chotsalacho ndiye chenicheni.

Chachiwiri ndi duty cycle, kutanthauza mphindi zingati mwa 10 zimene makina angadule asanafune kupuma. 60% ndi mphindi 6 kudula, 4 kupuma. Makampani akuluakulu amayeza pa kutentha kwa madigiri 40, nde mukaona 35% ya Powermax30 XP musaiderere poyerekeza ndi 60% ya makina osatchula n'komwe kuti anayezera pa kutentha kwanji. Koma kunena zoona, kwa munthu wodula tizidutswa Loweruka masana izi sizikukhudzani kwambiri, mumakhala mukuyeza ndi kulemba nthawi yaitali kuposa kudula.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chofunika kwa ine, ndi mmene moto umayakira. Otchipitsitsa amayatsa ndi high frequency, kuthetheka kwa magetsi a ma volts okwera kwambiri, ndipo tipi imayenera kukhudza kapena kuyandikira kwambiri chitsulo choyera. Pa chitsulo chadzimbiri, chapenti, kapena pa sefa wachitsulo wa mabowomabowo mulira nawo. Okhala ndi pilot arc amayatsa kamoto kawo mu tochi momwemo asanakhudze kanthu, ndipo poti ambiri a ife timadula zitsulo zakale zogula pa sikirapu, ichi si chokongoletsa ayi. High frequency imasokonezanso makompyuta ndi zamagetsi zapafupi, amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima asayandikire, ndipo ngati mumalota zodzamanga tebulo la CNC, lodula motsogozedwa ndi kompyuta, tsiku lina funani makina oyatsa ndi blowback, njira yoyatsira yosagwiritsa ntchito high frequency. Nkhani yabwino ndi yoti masiku ano pilot arc ya blowback ikupezeka pa makina a mtengo wapakati, simufunika kufika pa Hypertherm kuti muipeze.

Chachinayi ndi kukhalitsa kwa ma tipi. A makina odula amakhala nthawi yaitali kwambiri, mzere wake ndi woonda komanso waukhondo, makina ena amatchuna okha mpweya, ndipo mtundu wa SYNC wa Hypertherm anaphatikiza zonse kukhala katiriji imodzi yongopotokola. Kwa shopu yodula tsiku lonse masamu ake amabwerera. Koma funsani funso ili musanatulutse ndalama: ikatha ndikaigula kuti? Ma tipi a PT-31, AG-60 ndi P-80 ndi ofala, amagulitsidwa m'mapaketi, opanga ndi ambiri, mukawasowa m'mashopu a hadiweya mu Limbe kapena mu Lilongwe aliyense wobwera kuchokera ku Joni atha kukutengerani. A makina odula muyenera kuitanitsa kwa ajenti, ndi ndalama zakunja zimene kupeza kwake mukukudziwa, ndipo achinyengo olembedwa dzina lomwelo ndi ambiri pa intaneti. Makina apamwamba opanda tipi ndi chitsulo chongokhala pa shelefu. Walanti nayonso imakoma ngati wokonza ali pafupi, osati yoti mutumize makina kunja pa ndalama zanu. Ndipo ngati wachibale akukutumizirani kuchokera ku America kapena ku UK, aonetsetse kuti ndi ya 230 volts single phase, chifukwa mtundu womwewo umakhalanso ndi wa three phase.

Nde maganizo anga ndi awa. Ngati ntchito yanu ndi mageti, mbaula, mashelefu, zokongoletsa, malata ndi mapuleti osapitirira milimita 6 kapena 8, tengani makina a mtengo wapakati a ma amp 40 mpaka 60 okhala ndi pilot arc ndi tochi yodziwika, kwa wogulitsa amene ali ndi ma tipi ake pa kauntala pomwepo, ndalama yotsalayo muike pa kompresa yabwino, zotchera madzi ndi soketi. Wotchipitsitsa uja wa PT-31 naye amagwira ntchito ngati mukudziwa malire ake ndipo mwavomera kuti bolodi ikapsa mwina ndi pomwepo. Makina okwera mtengo ayamba kumveka pamene mukudula milimita 12 kupita m'mwamba kawirikawiri, pamene makasitomala ayamba kudikira ntchito yanu, kapena pamene nthawi ya gilayinda yayamba kukudyerani phindu. Palinso okhala ndi kompresa mkati ngati Powermax30 AIR, abwino ponyamula kupita nawo ku saiti, koma mphamvu yake yodulira imatsikako.

Zachitetezo ndinene mwachangu koma musazidumphe. Magalasi akuda wamba sakwana, pa ma amp 20 mpaka 40 pamafunika shade 5 (nambala ya kuda kwa galasi), pa 40 mpaka 60 shade 6, ndipo nkhope ndi manja zikhale zophimbidwa poti kuwala kwake kumaotcha khungu ngati kwa kuwotcherera. Chitsulo cha galavanaizi utsi wake umadwalitsa, dulirani panja mphepo ikuchotsa utsi kumaso kwanu. Magetsi a pa tochi ya plasma ndi okwera kuposa a makina owotcherera, musasinthe tipi makina ali oyaka, musaime ponyowa. Ndipo mgolo umene munali petulo, dizilo, thina kapena mankhwala osadziwika musaudule chifukwa choti mwautsuka kamodzi n'kununkhiza, nthunzi yotsalira m'makona ndi imene imaphulika. Ngati mukufuna mgolo wopangira chootchera nyama, pezani umene munali zakudya, tsegulani zivindikiro zonse, mudzaze madzi mpaka pafupi ndi pamene mukudula.